Mtengo wa Belu

Potsanzikana pa Chitakale, a Namagowa
anandilowetsera envulopu m'thumba la jekete:
"Kumeneko akuti amaumba mabelu. Ukatifunsireko."

Ndinakafunsadi.
Kuseri kwa msika wina ku India, m'shedi yoda ndi mwaye,
mkuwa unkayenderera ngati uchi wamoto.
Mkulu wopanda nsidze, ng'anjo inazidya kalekale,
anamenya chimbale chotalika kuposa chitseko cha tchalitchi chathu.
Sichinalire. Chinang'ung'udza.
Ndinachimva m'mano, m'mawondo,
ndinafika pamsewu chisanamalize mawu ake.

Mtengo anaulemba pakhoma ndi choko.
Ndinauwerengera m'madengu a tiyi
amene amayi a mumpingo amathyola mame asanaume:
zaka zinayi,
kupatula sitima, kupatula msonkho pa Muloza.

Envulopu ndabweza yosatsegula.

Lero Lamulungu, chiperoni chameza phiri.
Mwana wa a Mukhwapa wakwera pamwala,
akumenya ndi bawuti limu ya thirakitala
yopachikidwa pamtengo wa peyala.
Ngwe! Ngwe! Mawu ouma, osachedwa kufa.
Komabe taonani m'mizere ya tiyi,
maambulera akutsetsereka.

Ine ndaima pakhomo kugawa mabuku a nyimbo,
khutu limodzi likadali kutsidya kwa nyanja.