Tochi M'kamwa

Zaka makumi atatu bambo anga, Eliodoro Cárcamo,
akhala akuluma tochi.
Manja awiri sakwana usiku kuno ku Aysén:
limodzi ligwire mwendo wa nkhosa,
lina lifufuze mwana wogona chopingasa m'mimba,
nanga kuwala kugwidwe ndi chiyani? Ndi mano basi.
Dzino lakutsogolo linabenthuka chaka chomwe ndinayamba sukulu.
Ine ndinakula ndikuyesa kuti abambo onse
amayankha ndi mphuno.

Nditabwera kuchokera ku Coyhaique ndi katoni
anaisuzumira ngati muli chinthu choluma.
Nyali zinayi za LED, iliyonse yokwana pachikhatho.
Galimoto ili nawo kale maso, Brunilda, anatero.
Maso akutsogolo, ndinayankha.
Koma inu ntchito mumagwirira kumbuyo.

Ndinakwera pabodi ya pikapu, mphepo ikundikoka jekete.
Chitsulo cha kuseri kwa kabini ndinachiboola panayi,
dzimbiri likundithothokera m'maso.
Nati imodzi inagwa, udzu n'kuimeza mpaka lero.
Waya wofiira ndinam'dutsitsa kunsi, kutali ndi paipi ya utsi,
n'kumam'manga apa ndi apo
kuti miyala ya mumsewu isam'tafune.
Fyuzi pafupi ndi batire, monga anatiphunzitsira.
Wakuda uja ndinam'mangira papenti osazindikira.
Ndinadina swichi: zii.
Bambo anatsokomola chitsokomolo chija
chobisa phwete m'kati.
Ndinapala penti mpaka chitsulo chinati mbee,
n'kumanganso, osawayang'ana.

Ziwiri ndinazilozetsa kumbuyo, ina uku, ina uko,
zonse zoweramitsa mitu,
kuti tisawathobwe m'maso a Oyarzún
akamadutsa pakavalo kuchokera kolawa vinyo.

Usiku wachitatu galu anauwa kumpanda wa kumtsinje.
Matalala ankagwa chopendekeka.
Tinaipeza itagona m'chigwembe, yong'ambika khutu ija,
mwendo umodzi wa mwana uli kunja, winawo ayi.
Ndinabweza galimoto chafutambuyo
n'kudina.

Ngwee!
Kaudzu kalikonse kanapeza mthunzi wakewake.
Ndinaona nthunzi ya mpweya wa nkhosa,
minga m'ubweya, magazi pamatope,
imvi za m'khosi mwa bambo zimene masana sindinkaziona.
Anagwada. Dzanja linapita lokha m'thumba,
tochi inakwera mpaka pamlomo
n'kuima pomwepo.
Anaiyang'ana kanthawi. Anaibweza.

Ndiye pakamwa posowa chogwira
panayamba kutuluka mawu.
Poyamba kwa nkhosa: pirira mayi, pirira, tatsala pang'ono.
Kenako, mkono uli m'kati mpaka pachigongono,
anandiuza za chisanu chomwe chinapha mazana awiri sabata imodzi,
za kavalo wamakani wotchedwa Tordo,
za mayi anga,
kuti ankawanyamulira nyali ya palafini m'zigwembe ngati chino
ali ndi pakati pa ine, akutukwana mphepo
ndi mawu oti wansembe akanakomoka nawo,
ndi kuti atatisiya
sanafune munthu wina aime pomwe ankaima iwo.
Tochi ija anagula pobwera kumanda.

Ine ndinali nditagwira mutu wa nkhosa,
matalala akusungunukira m'kolala,
ndikuopa kupuma, kuti mwina angasiye.

Mwana anatuluka wachikasu, wonyowa, akuyetsemula.
Make anatembenuka kum'nyambita
ngati ife sitinakhalepo n'komwe.
Kuseri kwa kuwala, mdima unali utaima ngati khoma,
galu akulowa ndi kutuluka.

Thimitsa, batire itha, anatero.
Ndinawauza kuti nyali izi n'zodya pang'ono,
ndipo injini ikulira, zikhoza kuchezera mpaka mbandakucha.
Anapukuta manja paudzu, chala chimodzichimodzi,
nakhala pamphepete pa bodi.
Ndiye zileke ziyake, anatero.
Sindinamalize kukuuza.