Loweruka pa Chitakale

Tsiku loyamba ndinati, "Taonani mmene ndaimira."
Holo yonse inangoti zii.
Kenaka Bizaliele, wa pakamwa posatopa uja,
anati, "Aphunzitsi, taona,"
ana asanu ndi anayi n'kufa nazo nseko,
ine nditagwira lamba wanga wakuda ngati wobwereka.

Judo ndinaiphunzira ndi maso,
zaka khumi ndi zinayi ndikuba mapazi a anzanga pagalasi.
Muno galasi n'khoma chabe.
Ndiye ndinagwada pa matumba a utuchi
amene tinasoka ndi mlonda, bambo Muhiwa,
n'kunena kuti bwerani mundiwerenge.
Manja khumi ndi asanu ndi atatu
paphewa, pachigongono, pachidendene,
wina n'kufunsa chomwe bondo lakumanzere likunjenjemerera.
Sindinayankhe.

Tinayamba ndi kugwa.
Mwezi wathunthu, kugwa basi:
chibwano pachifuwa, dzanja limenye pansi msana usanafike.
Mayi ake a Feliya anaima pakhomo ndi dengu la zinanazi,
nati, "Mwanayu wagwa mokwanira m'ngalande za m'minda ya tiyi,
inu mukumuphunzitsanso zomwezo?"
Ndinati mayi, uku n'kugwa kodzuka nako.
Sanakhutire.
Koma anasiya chinanazi chimodzi pazenera.

Mvula ikamasasantha malata sitimvana,
timalankhulira pa kolala ya jekete.
Kukoka pang'ono, ndabwera.
Kulekerera, ndakunamiza.
Chiperoni chikatsika m'phiri n'kumeza msewu
ine ndimachedwa, njinga ndikukankha,
iwo n'kuwapeza atafola kale, opanda nsapato,
akukangana kuti kunja kukununkha nkhungu kapena utsi wa kufakitale.

Mwezi wa Juni Feliya anandigwetsa.
Sindinachite kumupatsa, ndikulumbira.
Ndinangoona denga likudutsa kumapazi kwanga,
utuchi n'kuti fwaa m'mphuno.
Ali chiimire, osataya mkono wanga
monga ndinamuphunzitsira, anati,
"Mumagwira mpweya mukafuna kuponda,
ndipo bondo lija mumalinyengerera."
Bondo limene ndakhala ndikubisira dokotala,
ndi mayi a kunyumba omwe.

Poweruka ndinamufunsa chimene amakondera masewerawa.
Anapinda jekete, nafufuza ndodo yake yoyera pakhoma.
"Pamsika aliyense amangondigwira,
pamkono, paphewa, osaodira n'komwe,
kundiwolotsa msewu umene sindimafuna kuwoloka.
Muno timayamba taweramirana,
kenaka nanenso ndimagwira."

Anatuluka.
Ndodo ija go, go, pamasitepe,
kulowera kumene anyamata a minibasi amaitanira Muloza.
Ine ndinatsala ndikusesa utuchi,
nditatsinzina pang'ono,
kumvetsera mmene ndimapumira.