Masiku Asanu ndi Awiri M'madzi a Lumu

Ndinabwera nawo atate pa thirakitala ya Sithar,
atakhala pa matumba a balere, miyendo ili tambalale,
poti mawondo anakana kupinda chiyambire chisanu chathachi.
Ine ndinali ndi mapilitsi a ku Chengdu m'thumba
ndi mtima woti tikungotaya mafuta.

A Menpa Lhundrup sanafunse zambiri.
Anaika zala zitatu pa mkono wa atate
natsinzina, ngati womvetsera mtsinje pansi pa madzi oundana.
"A Wangdrak, chisanu cha zaka makumi asanu
chamanga msasa m'mfundo mwanumu.
Sichichoka ndi ukali. Tichinyengerera."

Kuseri kwa chipatala kuli mitsuko yofunda zikopa.
M'menemo zitsamba zisanu zagona masiku
zikusasa ndi chotupitsa cha mowa wa balere,
fungo lake lolowa mpaka m'mano.

Tsiku loyamba ndinawatsitsira m'bafa la matabwa.
Chibadwire sindinauonepo msana wawo:
woyera ngati mkaka, pomwe nkhope inada ngati chishalo.
Ndinayang'ana kukhoma.
Iwo ananunkhiza nthunzi, nayamba kuitana mayina:
"Uyu ndi shukupa, wa kuphiri loyang'ana dzuwa.
Uyu ndi balu, amamera kumene mayaki amapumira wefuwefu.
Ombu wa m'mbali mwa mtsinje. Khenipa wa m'dambo.
Wachisanuyo..." anakwinya mphuno, "tse, wa m'miyala.
Ndawapondaponda moyo wanga wonse amenewa.
Lero andipeza ndilibe nsapato."

Tsiku lachitatu ululu unakula.
Anatukwana madzi, anatukwana a Menpa,
anatukwana ndi thirakitala yomwe.
Usiku ndinatulutsa mapilitsi aja mobisa.
Norzin, mtsikana wosonkhezera moto, anandiona.
"Kafunseni eni ake. Koma zimatero,
chisanu chikamasamuka chimaswa mbale."
A Menpa anawerenga kabotolo, nati, "Apatseni limodzi.
Awa ndi madzi anga sadana."

Akatuluka tinkawafunditsa mabulangete atatu,
thukuta likutsata makwinya ngati madzi m'ngalande.
Zenera lotseka, mphepo yoletsedwa kulowa,
ine ndikuwerenga mphindi pa foni yopanda netiweki.

"Amako," anatero tsiku lachisanu, maso ali kudenga,
"nyenyezi ya Rishi ikatuluka, balere atatsala pang'ono kucha,
ankakumiza mumtsinje, iwe ukulira ngati kamwana ka mbuzi.
Mudzi wonse m'madzi, makapeti atayanikidwa pamiyala."
Mtsinjewo sindiukumbuka.
Ndimakumbuka manja ozizira pa nthiti zanga, basi,
ndipo ndinalibe pakamwa ponenera,
ndinangowonjeza madzi otentha kumapazi.

Tsiku lomaliza sanathamange, sanavine.
Mawondo akulirabe ngati chitseko chakale.
Koma mamawa ndinawapeza atawerama,
akumanga okha chingwe cha nsapato yakumanzere,
pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano.
Yakumanja ndinamanga ine.

Potsanzikana, a Menpa anauza khoma, osati ine,
kuti othyola balu akutha,
otsala akumusokoneza ndi mnzake wa masamba aakulu,
ndipo Norzin ali ndi manja awiri okha.
Atate anati, "Malo ndikuwadziwa.
Miyendo yokafikako ndiyo ndilibe."
Onse awiri anayamba kuyang'ana mitambo
ngati mumtambomo mwalembedwa kanthu.

Tikiti yanga ya basi ndi ya Lachinayi.
Ndaisunga m'chikwama, pamodzi ndi kabotolo kaja.
Sithar akuti njira ya kuphiri iuma pakatha milungu itatu,
sindinamufunse, wangonena.

Juzi yanga ikununkhabe shukupa ndi mowa wosasa.
Dzulo ndinatunga madzi oti ndiichape,
ndinakhala pambali pa beseni mpaka anazizira,
kenaka ndinamwetsa mwana wa yaki.