Masitepe Anayi

Pa wailesi ndine Twaibu wa ku Mwansambo,
uja wopereka moni Lachisanu lililonse
kwa Asiyatu wa pa Benga, kwa bambo Kanyumbu osoka nsapato,
kwa omvera onse amene sitinaonanepo.
Mawu alibe matayala.
Amalowera pazenera, sapempha munthu kuti awakweze.

Lero omvera tonse tikukumana pa boma.
Ndadzuka nkhuku zisanatsike.
Kondakitala walipiritsa chikuku changa ngati munthu wachiwiri
n'kuchimangirira pamwamba pa matumba a mtedza.
Malaya a kalabu ndinasita dzulo ndi makala obwereka.

Holo ili ndi masitepe anayi.
Ndawerenga kawiri, mwina angachepe.
Njira yotsetsereka ilipo pambali, zoona,
koma akhazikapo jenereta, ndipo ikubangula.

Mkatimo wina wagwira maikolofoni:
Twaibu wa ku Mwansambo ali kuti? Aimirire timuone!
Aomba m'manja. Akucheukacheuka, kufuna munthu wamtali.

Anyamata a pakhomo ndi aulemu ndithu.
Akuti, achimwene, tingokunyamulani, sizichedwa.
Kanyamulidwe kake ndimakadziwa:
wina m'khwapa, wina m'mawondo,
malaya atakwinyikira pamchombo,
maso mazanamazana, ndi kamawu kaja koti pepani.
Madzi sindinamwe chidzukireni
poti chimbudzi chawo ndinachimva mbiri,
khomo lake ngati la khola la nkhunda.

Ndati ayi, zikomo.
Ndatulutsa foni, ndaimba nambala ija ndinailoweza kalekale,
mawu anga n'kutulukira m'masipika:
Ndi Twaibu. Ndili pakhomo pano. Moni nonse.
Moni wapadera kwa amene waika jenereta.

Zii.

Kenako mayi wina wamfupi, chitenje cha kalabu m'chiuno,
watuluka, wandiyang'ana kumaso, osati kumatayala.
Ndine Asiyatu, watero. Ndinkayesa muli ndi ndevu.
Wakodola anyamata aja.
Anyamula jenereta, osati ine.

Nyimbo yadukira pakati, magetsi athima,
wina kumbuyo wadandaula za fanta wake kuti afunda.
Ine ndakwera ndi manja anga,
pang'onopang'ono, thukuta likuwononga kusita kwadzulo,
tayala lakumanzere likulira kwii, kwii,
monga limachitira likasowa girizi,
ndipo holo yonse yalimva bwinobwino
popanda maikolofoni.