Tsiku Lomwe Sikelo Idapuma

Pa 14 Meyi, thonje lili pachimake ku Salima,
ngolo zitandanda kuchokera pachipata mpaka pamlambe,
Mai Seto adati, "Lero sikelo ipume mpaka teni."
Tidayang'anana.
Mayiyu sapumitsa sikelo ngakhale kuli maliro.

Adatulutsa chithunzi m'kabati ya malisiti
nachitsamiritsa ku belo la thonje,
malalanje atatu ogula pa Kamuzu Road,
ndi timitengo tofuka ngati koilo wa udzudzu.
Pachithunzipo, mnyamata wa makutu otuluka,
chidindo chitamudya theka la tsaya.

"Agogo anga," adatero m'Chichewa chake chotsimphina.
"Adapita ku Canada kukachapa malaya a eni.
Pachipata adalipira msonkho wa mutu,
madola mazana asanu, ngati ng'ombe padibi.
Kenaka lamulo lidapiringidza chitseko:
Mtchaina asalowenso. Mkazi ayi. Mwana ayi.
Zaka makumi awiri ndi zinayi
agogo aakazi ankayala pogona pa anthu awiri
iwo nagona m'mphepete.
Tsiku ngati lalero lamulolo lidafufutidwa.
Kalata yowaitana idakawapeza
udzu utamera kale pamtumbira."

Ine ndidabwera ndi mkwiyo wanga m'thumba,
wa ovataimu ya Epulo yomwe sindidaione.
Sindidautaye.
Koma khosi lidauma, ndidakumbuka Joni:
wapolisi akugogoda chigongono changa ndi ndodo,
"Ichi m'Chizulu chimatchedwa chiyani?"
Lilime lidandipereka.
Miyezi itatu ku Lindela, bulangete la nsikidzi,
kenaka basi ya mpaka Mwanza
ndi jumbo imodzi, nsapato za wina.

Ndidakumbukanso malume a Kamzingeni, mtchona wa Wenela,
omwe mayi awo ankawasungira nkhuku ya chitsatsa
mpaka nkhukuyo idafa ndi ukalamba.

Timati mlendo ndi mame.
Nanga amene amauza mame
kuti asagwe pamunda uno ndani?
Amakhala muofesi, ali ndi cholembera chabwino,
madzulo amakasewera ndi ana ake.

Mai Seto adawerama katatu.
Ife osadziwa mwambo wake tidangovula zipewa.
Nasibeko wosoka matumba adayamba nyimbo ya kutchalitchi
koma adaisiyira panjira.
Abulu kunja ankalira. Utsi udakwera,
nukasakanikirana ndi fumbi la thonje kudenga.

Teni itakwana mlimi wina wa ku Khombedza adakuwa,
"Kodi mukugula kapena tikagulitse kwina?"
Mayiyo adasenda lalanje ndi chala chachikulu,
nandipatsa zigawo zinayi, osandiyang'ana.
Lidali lowawasa.

"Mai," ndidatero, "nanga ya Epulo ija?"
Adapukuta chithunzi ndi mkono wa malaya,
nachibwezera pakati pa malisiti.
"Lachisanu," adayankha.

Ndidakoleka thumba loyamba.
Muvi wa sikelo udanjenjemera kanthawi
usanasankhe poima.