Msewu Woledzera

Magetsi abwera teni koloko usiku.
Kabwata yense wakuwa ngati timu yagoletsa,
ine ndatsegula laputopu pa thabwa lositira
kubwerera ku ntchito ya a Njobvu:
mapu a minibasi zawo zisanu ndi imodzi,
kuchoka Kulima Tawa, kudzera Kamwala, mpaka Chilenje.
Aoneke pa foni iliyonse, anatero, iliyonse,
ngakhale ya kondakitala yomanga ndi labala.

Sindijambula ndi dzanja. Ndimalamula.
Yambira apa. Pita apo. Khota pang'ono.
Tseka mzere, thiramo buluu.
Chithunzi changa ndi manambala okhaokha,
mawu olondolera mlendo pa mphambano,
ndipo mlendo aliyense amamva zake.

Pa laputopu yanga raundabauti ya Kafue
yazungulira bwinobwino ngati ndalama yachitsulo.
Ndatsegula bulauza wina, uja wa nkhandwe yofiira:
dzina la Kamwala latsetsereka,
lakhala pansi pakati pa msewu ngati wogulitsa tomato.
Wachitatu wandipatsa nsalu yoyera mbee,
osanena ndi pepani yemwe.
Dzulo pa siteshoni, pa foni ya Sekelani,
raundabauti inali dzira,
Kairo Rodi atachita chifunga m'mbali,
iye n'kufa nacho chikhakhali:
Asisi, msewu wanu waledzera.

Atate ankalemba zikwangwani ku Matero.
Mabuchala, masaluni, tchalitchi cha m'galaja.
Asanaviike bulashi ankayamba asisita khoma
ndi chikhatho, ngati akufuna malungo pa mphumi.
Lina limamwa penti ngati dothi la mu Okutobala,
lata limaterera, thabwa limatupa mvula ikagwa.
Chilembo n'chimodzi, ankati, makoma ndiye ambiri.
Ine ndinkangogwira chitini,
maso ali pa wogulitsa mafirizesi.

Usiku uno chikhatho changa ndi funso.
Ndisanajambule ndiyamba ndafunsa:
iwe bulauza, kukhota kotere umakudziwa?
Ukakana, ndikudulira njira m'tizidutswa makumi anayi,
towongoka tokhatokha, diso lisazindikire.
Nanga sikirini yako ili ndi timadontho tingati?
Ndiuze, ndichulukitse nsalu, ndichepetsenso.
Zilembo ndasiya kubwereka kwa eni foni,
ndabwera nazo zanga m'thumba.

Chifunga cha Kairo Rodi chandidyera maola awiri.
Mzere unagwa pakati pa timadontho tiwiri,
aka katengako pang'ono, aka pang'ono,
onse n'kutuwa.
Ndausuntha theka la kadontho.
Theka! Chinthu choti ngakhale nyerere singapunthwepo.
Msewu wadzuka, waima njo, wakuthwa ngati lezala.
Ndaseka ndekha mpaka galu wa a landilodi wayankha.

Tembenuza foni chagada: fufuta, jambulanso.
Kuza ndi zala ziwiri: fufuta, jambulanso.
Nsalu iyi siikumbuka kanthu,
ndine ndiyenera kukumbuka m'malo mwake.

Magetsi apita fili koloko, tiyi atazizira kalekale.

Mmawa ndakwera ya Sekelani, mpando wa pa injini.
Wapukuta foni pa thalauza, watsegula,
tadikira netiweki mpaka pa maloboti.
Ndiye ija yatuluka, raundabauti yanga,
yozungulira, yosaledzera,
ngakhale mng'alu wa galasi waidula pakati.
Mayi wa pambali, wa dengu la impwa, wayesa pa yake.
Mnyamata wa yunifolomu wayesanso.
Mafoni atatu, msewu umodzi.
Ndinafuna atate aone. Ndangoyang'ana kunja.

Sekelani wagogoda denga, basi yakhota kumanzere
kumene mzere wanga sunapiteko.
Kodi sanakuuzeni a Njobvu? akutero, akuwerenga chenji.
Uku akukumba ngalande.
Kuyambira lero tikudzera ku Libala.