Dzino Linagwa pa Curacaví

Woweruza anatigawira mwana ngati munda wamasiye:
sabata ino kwa ine ku Valparaíso,
sabata inayo kwa Ximena ku Santiago,
tchuthi cha Febuluwale pakatimpakati,
Khirisimasi chaka chino yanga, chaka chamawa yake.
Anadinda chidindo, n'kuitana mlandu wina.
Sanatiuze kuti dzino logwedera
ndi la sabata ya ndani.

Lamlungu lililonse, folo koloko,
timakumana pa Curacaví, pomwetsera mafuta,
pafupi ndi mayi wogulitsa timakeke ta shuga woyera.
Ine ndimaimika galimoto kumanzere kwa pampu,
iye kumanja.
Pakati pathu pali mapazi makumi atatu a Amaro.
Ndinawawerenga.
Chaka chatha anali makumi atatu ndi asanu ndi limodzi.

Sabata yonseyi dzino linali gwedegwede.
Lachiwiri ndinamugulira apozi wolimba,
Lachinayi chimanga chophika.
Ndisaname, ndinkafuna ligwere kwanga.
Tsiku limene anawerenga yekha chikwangwani, kunalibe ine.
Katsabola anamugwira ali uko.
Chigoli chake choyamba ndinachimva pa foni
chitazizira kale.
Dzino lokhali, ndinati, likhale langa.

Koma dzino silidziwa kalendala ya pa firiji,
ija ya masiku ofiira ndi masiku obiriwira.

Linadikira.
Tinatsika zitunda za padoko nkhungu ili pagalasi,
tinadutsa minda ya mpesa, tinaboola phiri,
iye ali duu kumbuyo, lilime likuseweretsa dzino,
chikwama pamiyendo: yunifolomu, mankhwala a mphumu,
ndi nyalugwe wansanza wa diso limodzi
amenenso amagona nyumba ziwiri.

Ndinamupsompsona paliwombo. Anauyamba.
Pa phazi la khumi ndi chisanu
anaima njii,
n'kulavulira m'dzanja.

Tonse tinathamanga.
Zaka ziwiri tisanaimepo pafupi chonchi,
Ximena ndi ine, mitu itagundana
pamwamba pa kanthu kochepa ngati njere ya mpunga,
kofiira kumuzu.
Wasintha sopo.
Imvi zamuyamba pafupi ndi khutu.
Mpango wopukutira magazi unali wanga,
madzi otsukira m'kamwa anali ake.

"Nanga mbewa ija," anatero Amaro,
mawu akuthawira pampata watsopano,
"imene imasiya ndalama pansi pa pilo,
idziwa bwanji nyumba yoti ipite?"

Malole ankadutsa.
Loya panalibe.

Ximena anayang'ana wotchi.
Folo koloko inali itapitirira ndi mphindi ziwiri:
mwalamulo, dzino linali lake.
Analikulunga m'kapepala ka keke,
n'kundiikira m'thumba la malaya osandiyang'ana.
"Mbewa za padoko n'zolemera," anatero,
"zimadya za m'sitima.
Bambo ako akusungira.
Lamlungu ukaliike wekha pansi pa pilo."

Mwana anapendeketsa mutu ngati woweruza uja,
n'kuvomera,
n'kutsiriza mapazi ake otsala.

Ndabwerera ndekha, dzuwa likundilasa m'maso.
Nyenyeswa zake zili mbwee pampando wakumbuyo,
sindizisesa.
Kunyumba ndapeza sokosi imodzi pansi pa tebulo.
Inzake ili ku Santiago.
Mpira uli pakhonde pomwe anausiya,
mphaka wa aneba akuununkhiza.

Dzino ndaliika m'kabokosi ka machesi
pawindo loyang'ana kunyanja.
Usiku, sitima zikalira, ndimakagwedeza pang'ono
kuti ndimve kuti m'nyumba muli wina.

Masiku asanu ndi awiri amene si anga
ayamba kale kukwawa.
Lachitatu, ndikaweruka kowotcherera zitsulo,
ndisamba m'manja, ndimuimbira Ximena.
Osati za fizi, osati za nthawi,
osati za amene analakwa.
Ndikufuna ndingomufunsa:
kodi mbewa masiku ano
imalipira zingati?